Mpanda wa Thuja: Kabzalidwe ndi Kasamalidwe Kake

Thuja ndi mtengo wosayoyola masamba wa m'banja la Cupressaceae, banja lomwenso muli mkungudza wa m'phiri la Mulanje. Ilipo mitundu isanu: itatu ya kum'mawa kwa Asia ndi iwiri ya ku North America, ndipo iwiri yomalizayi, Thuja occidentalis ndi Thuja plicata, ndiyo idatchuka pa mipanda ya m'makomo ku Ulaya, ku Canada ndi ku United States. Masamba ake ndi timamba tating'ono tosanjikizana pa nthambi zafulati, ndipo mukawatikita m'manja amatulutsa fungo lamphamvu. Ogulitsa mbande amakonda kunena kuti uwu ndi mtengo wongobzala n'kuiwala. Mawu amenewo ndi amene aumitsa mipanda yambiri, chifukwa thuja ndi mtengo wa m'nkhalango yachinyezi womwe munthu akuukakamiza kukhala waufupi pamzere wopanikizana, ndipo chisamaliro chake chonse chimachokera pamenepo.

Umboni uli kwawo komwe mitengoyi idachokera. Thuja occidentalis, yomwe idafika ku France m'zaka za m'ma 1500, imamera m'madambo ndi m'mphepete mwa nyanja za kum'mawa kwa Canada ndi kumpoto chakum'mawa kwa United States. Thuja plicata ndi ya m'nkhalango zamvula zochuluka za ku British Columbia, Washington ndi Oregon, komwe imatha kutalika mamita 60. Mtengo wokulira pamalo otere sufunikira kuzamitsa mizu pofuna madzi, n'chifukwa chake mizu ya thuja ndi yaing'onoing'ono, yoyanga chapamwamba penipeni pa nthaka. Kukangochita ng'amba, dothi lapamwambalo ndi lomwe limayamba kuuma. Tsono pampanda mitengo iwiri kapena itatu imalimbirana chinyezi cha mita imodzi, nthawi zambiri m'mbali mwa khoma kapena msewu wa phula womwe umawonjezera kutentha. Choopsa china n'chakuti thuja safota ngati ndiwo zamasamba kuti achenjeze mwini wake. Amakhalabe wobiriwira kwa masabata angapo mizu itawonongeka kale, ndipo pamene masamba akufiira ntchito imakhala itagwa kalekale.

Kubzala kwabwino, motero, n'kukonzera mizu malo. Ndi bwino kukumba ngalande imodzi yaitali kusiyana ndi maenje apaokhapaokha, kusakaniza dothi ndi manyowa owolerana, ndi kukhazika mbande pamlingo womwe inali ku nazale, osakwirira thunthu. M'maiko ozizira amabzala kumayambiriro kwa nyengo yofunda kapena kumapeto kwake, nthaka idakali yofunda koma dzuwa litachepa mphamvu. Zaka ziwiri zoyambirira ndi zothirira mosadumphitsa. Kuthirira kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata, madzi n'kulowa pansi, kumaposa kuwaza pang'ono tsiku ndi tsiku, chifukwa kuwazako kumangokokera mizu pamwamba. Kuphimbira nthaka ndi makungwa kapena masamba owola kumasunga chinyezi, bola zophimbirazo zisakhudze thunthu. Koma chinyezi si lowe. Pamene madzi amadikha mizu imawola ndi matenda a Phytophthora, ndipo mtengo wowola mizu umafiira chimodzimodzi ndi waludzu, moti mwini wake akhoza kuumaliza powonjezera madzi. Asanatenge paipi ayambe wapisa chala m'dothi. Feteleza wochepa kamodzi pachaka ndi wokwana. Wochuluka amawotcha mizu yosazamayo.

Pa kudulira ndi pomwe chibadwa cha mtengowu chimaonekera kwambiri. Mukatsegula nthambi za mpanda wokhwima n'kusuzumira mkati, mupeza kuti kubiriwira konse kuli kunja kokha, mwina kuya kwa chikhatho chimodzi. Mkatimo muli mdima, timitengo touma ndi zinyalala zofiira zomwe zimayoyoka mukagwedeza. Thuja occidentalis saphukiranso bwino pa nthambi yakale yopanda masamba. Amene walekerera mpanda zaka zinayi, kenako n'kuudula mwamphamvu kuti ubwerere m'malo mwake, amatsala ndi zibowo zomwe mwina sizidzatsekekanso. Thuja plicata amakhululukako pang'ono, koma osadalira zimenezo. Njira yake ndi kumeta pang'ono kamodzi kapena kawiri pachaka kuyambira mpanda udakali waung'ono, osapitirira pobiriwira, ndiponso kuusiya wotambalala pansi ndi wopyapyala pamwamba kuti dzuwa lifike ku nthambi za m'munsi ndi kuti chipale chofewa chisaung'ambe. Tsiku la mitambo ndi labwino, chifukwa masamba ongovundukulidwa kumene amapsa ndi dzuwa. Wodulira avale magolovesi, poti utomoni wake umayabwa ena, ndipo zodulidwazo zisatayidwe kwa ziweto chifukwa masamba ake ali ndi thujone, yemwe ndi poizoni akadyedwa wambiri. Ku Germany lamulo limaletsa kudula mipanda mwamphamvu kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 30 Sepitembala pofuna kuteteza zisa za mbalame, ngakhale kumeta pang'ono n'kololedwa.

Kusankha mtundu wa thuja wa ku nazale n'kusankha kuchuluka kwa ntchito. Smaragd, yomwe idatuluka ku nazale ya Poulsen ku Denmark mu 1950, imakula pang'onopang'ono ndipo imafuna kumetedwa mochepa. Brabant imatseka msanga, koma lumo lisatalikire. Green Giant imatha kuwonjeza pafupifupi mita imodzi pachaka, ndipo pabwalo laling'ono imeneyo ndi milandu yongodikira tsiku lake: ku England lamulo la 2003 limalola munthu kukadandaula ku khonsolo ngati mpanda wosayoyola masamba wa mnzake wapitirira mamita awiri n'kumamutchingira kuwala.

Ena anganene kuti ludzu likunamiziridwa, chenicheni ndi tizilombo. N'zoona kuti kangaude wofiira, nsabwe za m'masamba ndi kachikumbu koboola khungwa kotchedwa Lamprodila festiva zawononga mipanda yambiri ku Ulaya. Koma kangaude wofiira amaswana kukatentha ndi kuuma, ndipo kachikumbuko kamakonda kulowa mitengo yofooka kale ndi chilala. Kupopera mankhwala osakonza za madzi n'kungotaya ndalama. Enanso amaloza mitengo ya thuja ya m'maphompho a Niagara Escarpment ku Ontario, yomwe ina yapitirira zaka 1,000 ili pathanthwe, ngati umboni woti thuja amapirira ludzu. Imeneyo ndi mitengo yopinimbira, yopindikapindika, yokula pang'ono kwambiri m'dziko lozizira, ndipo palibe angaifune pampanda. Ngakhale kufiira kumene si konse koopsa: masamba akale amkati amayoyoka chaka ndi chaka, ndipo mitundu ina imasanduka yofiirira m'nyengo yozizira n'kudzabiriwiranso. Chodandaulitsa ndi kufiira koyambira kunsonga kapena kogwira mtengo wonse. Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha oteteza zachilengedwe, oti mpanda wa thuja supatsa njuchi maluwa kapena mbalame zipatso. Apa akunena zoona, ndipo chomwe mpandawu ungadzitamire nacho ndi malo obisala a zisa basi.

Kwa wobzala wa kuno kumadera otentha, mfundo ya madziyi ndi chenjezo. Mtengo womwe kawirikawiri umagulitsidwa ndi dzina la thuja m'maiko ofunda ndi Platycladus orientalis wa ku China, womwe kale unkatchedwa Thuja orientalis ndipo umapirira ng'amba kuposa anzake a ku America. Nawonso suli pamtendere, chifukwa nsabwe za mtundu wa Cinara, zomwe zidapezeka ku Malawi mu 1986 n'kuwononga minda ya Cupressus lusitanica ndi mkungudza, zimagwira mitengo yambiri ya m'banjali. Ngati kwanu kumakhala miyezi yambiri popanda mvula ndipo mulibe madzi othirira chilimwe chonse, musabzale Thuja occidentalis; funani mtengo wina wa mpanda.