Mbiri ya a Neanderthal, Asuweni Amene Ankayesedwa Zilombo

Mu Ogasiti 1856, amuna ophwanya miyala ya laimu m'chigwa cha Neander, kufupi ndi mzinda wa Düsseldorf ku Germany, ankakokolola dothi m'phanga lotchedwa Feldhofer pamene mafosholo awo anagunda mafupa. Sanadabwe nazo. Anayesa a chimbalangondo, n'kuwatayira kunja pamodzi ndi dothilo. Zidutswa 16 zokha ndi zimene zinatoledwa, kuphatikizapo chipapa cha pamwamba pa chigaza, ndipo zinakafika m'manja mwa mphunzitsi wina wokonda zachilengedwe, Johann Carl Fuhlrott. Iye ataona kuchindikala kwa mafupawo ndi mzere wa fupa wotukuka pamwamba pa maso, anatsimikiza kuti anali a munthu, koma wa mtundu wakale kwambiri.

Akatswiri ambiri a nthawiyo anakana kwamtuwagalu. Buku la Charles Darwin lonena za kusandulika kwa zamoyo linali lisanatuluke, linadzabwera mu 1859, ndipo ganizo lakuti kunakhalapo mtundu wina wa anthu linali losamveka. Katswiri wina wa ku Bonn, August Mayer, anafika ponena kuti mafupawo anali a msilikali wa pahatchi wochokera ku Russia, amene anavulala pothamangitsa asilikali a Napoleon mu 1814, n'kukwawira m'phangamo kukafera. Matewe akewo akuti anabwera ndi matenda komanso kukhalitsa pahatchi, ndipo nsidze zinatukuka chifukwa chokwinya nkhope ndi ululu. Za momwe munthu wovulala akanakwerera phanga la paphompho, wopanda chovala kapena chida, zinasowa wofotokoza. Dokotala wotchuka Rudolf Virchow nayenso anati anali munthu wamba wodwala. Mu 1864, William King wa ku Galway, Ireland, ndiye anapatsa mafupawo dzina lakuti Homo neanderthalensis. Pambuyo pake zinadziwika kuti zigaza za mtundu womwewu zinali zitapezeka kale ku Engis, Belgium, mu 1829 ndi ku Gibraltar mu 1848, kungoti panalibe anazizindikira.

Mbiri yawo inadzaipiratu chifukwa cha nkhalamba imodzi. Mu 1908, ku La Chapelle-aux-Saints ku France, kunafukulidwa mafupa a munthu mmodzi pafupifupi athunthu, ndipo Marcellin Boule wa ku Paris anawalumikiza n'kutulutsa chithunzi cha chimunthu chowerama, chopinda mawondo, choyenda ngati nyani. Manyuzipepala anachikonda, ndipo chinakhazikika m'mitu ya anthu kwa zaka pafupifupi 50. Mu 1957 akatswiri awiri, William Straus ndi Alexander Cave, ataunikanso mafupawo anapeza kuti mkuluyo anali ndi nyamakazi yoopsa ya msana. Mano ambiri anali atatha kale m'kamwa. Boule anaona zimene ankafuna kuona, basi.

Mneanderthal wathanzi ankayenda chilili ngati ife. Mwamuna ankatalika pafupifupi masentimita 165, wojintcha, wa chifuwa chotakasuka, mikono ndi misongolo yaifupi, thupi losunga kutentha m'mayiko ozizira. Mphuno inali yaikulu, chipumi chopendekera kumbuyo, chibwano chosatulukira kutsogolo, ndipo kunkhongo kunali kotukuka. Ubongo wake unali waukulu mofanana ndi wathu, mwa ena kuposa wathu. Anakhala ku Ulaya ndi kumadzulo kwa Asia kwa zaka zoposa 300,000, kuyambira ku Portugal mpaka kumapiri a Altai ku Siberia.

Amene anasintha maganizo a anthu ambiri ndi mwamuna wina wopezeka m'phanga la Shanidar, kumpoto kwa Iraq, kumene Ralph Solecki ankakumba m'zaka za m'ma 1950. Munthuyu, yemwe amatchedwa Shanidar 1, anamenyedwa ndi chinthu kumaso mpaka fupa la diso lakumanzere linaphwanyika. Mkono wake wamanja unali wopuwala ndi woduka chapachigongono, ankatsimphina, ndipo m'makutu munamera tifupa tomwe tiyenera kuti tinamugonthetsa. Koma mabala onsewa anapola, ndipo anafika zaka pafupifupi 40, ukalamba weniweni pa nthawi imeneyo. Munthu wotere sangasake nyama, sangamve ngakhale chilombo chikumunyang'amira. Alipo ankamugawira chakudya, osati tsiku limodzi ayi, koma zaka. Nkhani ina yotchuka ya ku Shanidar, yakuti maliro ena anaikidwa ndi maluwa, siyolimba kwenikweni, popeza mungu wopezeka m'mandamo ukhoza kukhala kuti unalowetsedwa ndi mbewa kapena njuchi.

Luso lawo likuonekera m'zinthu zing'onozing'ono. Ankawotcha makungwa a mtengo wa birch n'kupeza phula lomatira nsonga zamwala kumipini, zaka pafupifupi 200,000 zapitazo. Ku Abri du Maras ku France kunapezeka kachidutswa ka chingwe ka luzi, kopotedwa kuchokera ku timaulusi titatu. Ku Krapina, Croatia, kuli zikhadabo za chiwombankhanga zokhala ndi mizere yodulidwa, zomwe zikuoneka kuti zinkavalidwa. Chodabwitsa kuposa zonse chili m'phanga la Bruniquel ku France: mamita opitirira 300 kuchokera pakhomo, mumdima wa ndiweyani, anthu anathyola miyala yosongoka yomera pansi n'kuisanja mozungulira, ndipo anakolezapo moto. Zinachitika zaka 176,000 zapitazo, pamene ku Ulaya kunalibe wina aliyense koma iwowo. Nanga kuyankhula? Fupa la pakhosi lothandiza lilime, lomwe linapezeka ku Kebara, Israel, ndi lofanana kwambiri ndi lathu, ndipo jini ya FOXP2, yokhudzana ndi kayankhulidwe, anali nayo monga ife. Sikuti anali angelo ayi. Ku El Sidrón, Spain, ndi ku Goyet, Belgium, mafupa a anthu anasendedwa nyama ndi kuswedwa kuti mafuta a m'kati atuluke, monga ankachitira ndi nyama zakutchire.

Kenaka nkhani inachoka m'mapanga n'kulowa mu labotale. Mu 1997, gulu la Svante Pääbo, wasayansi wa ku Sweden, linakwanitsa kutulutsa DNA m'fupa la mkono la munthu wa ku Feldhofer uja. Zoyambirirazo zinkaonetsa ngati iwo ndi ife sitinasakanikirane. Koma mu 2010, ali ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig, gululi linawerenga mbali yaikulu ya majini a mafupa a ku Vindija, Croatia, ndipo yankho linatembenuka. Anthu amene makolo awo ndi a kunja kwa Africa ali ndi pafupifupi 2 peresenti ya DNA ya a Neanderthal. Makolo awowo atatuluka mu Africa anakumana ndi eni dera, ndipo panabadwa ana. Mwamuna wina wa zaka 40,000 zapitazo, amene chibwano chake chinapezeka m'phanga la Oase ku Romania, anali ndi kholo la Chineanderthal mibadwo inayi mpaka isanu ndi umodzi yokha kumbuyo kwake. Ku Denisova, Siberia, kachidutswa ka fupa kanaulula mtsikana yemwe mayi ake anali Mneanderthal, bambo ake a mtundu winanso wotchedwa Denisovan. Pääbo analandira mphoto ya Nobel mu 2022.

Apa munthu wa kuno ku Africa angamwetulire pang'ono. M'nthawi ya atsamunda, ena ankayerekeza Mneanderthal ndi anthu akuda pofuna kuwanyoza, ndipo chigaza chimene chinafukulidwa mumgodi wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe ku Zambia, mu 1921, ena ankachitenga ngati Mneanderthal wa mu Africa. Sichoncho. Ndi cha mtundu wina, cha zaka pafupifupi 300,000, ndipo mpaka lero chili ku Natural History Museum ku London ngakhale dziko la Zambia lakhala likuchiitanitsa. Magazi a Chineanderthal ali kwambiri mwa Azungu ndi anthu a ku Asia. Kuno aliko ochepa, pafupifupi 0.3 peresenti malinga ndi kafukufuku wa ku Princeton wa mu 2020, ndipo ambiri mwa iwo anabwera ndi anthu amene anabwerera ku Africa kalekale.

Cholowa chimenechi chimagwirabe ntchito m'thupi. Majini ena amakhudza khungu, tsitsi ndi chitetezo cha thupi. Mu 2020 momwemo, Hugo Zeberg ndi Pääbo anapeza kuti kachigawo ka DNA komwe kankachititsa ena kudwala kwambiri Covid-19 kanachokera kwa a Neanderthal. Pafupifupi theka la anthu a kumwera kwa Asia ali nako, pamene mu Africa sikapezeka kwenikweni.

Zaka pafupifupi 40,000 zapitazo, mafupa ndi zida zawo zinasiya kupezeka. Umboni wa nkhondo yowapulula palibe. Chimene chikuoneka bwino ndi kuchepa kwawo. Kafukufuku wa mu 2022 wa m'phanga la Chagyrskaya ku Siberia anapeza bambo ndi mwana wake wamkazi pamodzi ndi achibale ena, ndipo majini awo anasonyeza kagulu ka anthu 10 mpaka 20, okwatirana pachibale, akazi ndiwo ankachokera kumagulu ena. Timagulu totere, tomwazikana m'dziko lalikulu lomwe nyengo yake inkasinthasintha, sitikanalimba pamene alendo ochokera ku Africa ankachulukirachulukira. Tina tinatha, tina tinamezedwa ndi alendowo kudzera m'kuberekana.