Zivindikiro za masoketi a magetsi oikidwa panja

Soketi ya magetsi yomwe ili pakhonde, kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpopi kapena pamalo otsukira galimoto imakumana ndi mvula, mame, fumbi ndi dzuwa. Magetsi omwe bungwe la ESCOM limapereka m'nyumba ndi a mphamvu ya 230V, ndipo masoketi omwe timagwiritsa ntchito m'dziko muno ndi a mabowo atatu, a muyezo wa ku Britain wotchedwa BS 1363. Soketi wamba ya mtunduwu inapangidwira malo ouma. Madzi akalowamo, zitsulo za mkati zimachita dzimbiri, zimayamba kutentha, ndipo magetsi amatha kuyenda pamwamba pa pulasitiki wonyowayo mpaka kukagwira munthu. Khungu lonyowa limalowetsa magetsi mosavuta kusiyana ndi louma, choncho munthu amene waima pansi ponyowa opanda nsapato ndiye ali pachiopsezo chachikulu.

Akatswiri amasiyanitsa malo a chinyezi ndi malo onyowa. Malo a chinyezi ndi monga khonde lofoleredwa bwino, pomwe mvula sifika koma mame ndi nkhungu zimafika. Anthu a ku Thyolo ndi Mulanje amadziwa momwe chiperoni chimanyowetsera makoma ngakhale m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Malo onyowa ndi omwe mvula imamenya mwachindunji kapena pomwe madzi amathovukira. Tisaiwale kuti mvula ya mkuntho imalowa mpaka mkati mwa khonde, kotero khonde lalifupi liyenera kutengedwa ngati malo onyowa.

Pogula, yang'anani zilembo za IP zotsatidwa ndi manambala awiri, zomwe zimalembedwa pa chivindikiro kapena pa katoni yake motsatira muyezo wa IEC 60529. Nambala yoyamba imanena za fumbi ndi tizinthu tolimba: 4 ikutanthauza kuti kanthu koposa milimita imodzi sikangalowe, 5 ndiye kuti fumbi lingalowe pang'ono koma osaononga, pomwe 6 ndiye kuti fumbi silingalowe konse. Nambala yachiwiri imanena za madzi: 4 ndi madzi othovuka kuchokera mbali iliyonse, 5 ndi madzi opopera a m'paipi, 6 ndi madzi opopera mwamphamvu. Motero IP44 ingakwanire pakhonde lotetezeka, koma pakhoma la pamtetete kapena pamalo otsukira galimoto ndi bwino kuika IP66. Katundu amene sanalembedwe nambalazi asadaliridwe, ngakhale wogulitsa atanenetsa kuti salowa madzi.

Pali mfundo imodzi yomwe ambiri amaiphonya. Zivindikiro zina zimateteza pokhapokha soketi isakugwira ntchito. Ukangolowetsa pulagi, kachitseko kake kamakhala kotsekuka, ndipo nambala ya IP ija sikhalanso ndi tanthauzo. Zivindikiro zina ndi zakuya ngati kabokosi: pulagi imalowa mkati, chitseko n'kutsekeka, nthambo n'kutulukira kunsi kudzera pampata wa labala. Mtundu wachiwiriwu ndi womwe ukufunika pa chipangizo chilichonse chomwe chimakhala cholumikizidwa popanda wochiyang'anira, monga pampu ya madzi, filiji ya pakhonde la golosale kapena nyali za panja. Mvula imatha kugwa usiku eni ake ali mtulo.

Chizolowezi chokulunga soketi ndi jumbo n'kumanga ndi mphira sichithandiza. Jumbo amasunga chinyezi mkati, ndipo akang'ambika pang'ono amasanduka kachikho kosungira madzi pamwamba penipeni pa magetsi. N'chimodzimodzinso ndi ekisitenshoni ya m'nyumba yoyalidwa pa udzu pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano pofuna kuyatsa zokuzira mawu.

Chivindikiro chabwino chikhoza kulephera ntchito chifukwa cha kaikidwe. Nthambo ilowere kunsi kwa bokosi, osati pamwamba, ndipo polowerapo pamangidwe bwino. Ngati nthamboyo ikuchokera m'mwamba, itsike kaye kupitirira bokosi kenaka ikwere, kuti madzi otsetsereka adonthere pansi. Soketi iikidwe motalikira ndi nthaka, pomwe madzi ogwa kuchokera pa malata sangathovukire.

Chivindikiro chimatchinga madzi, koma sichizimitsa magetsi munthu akagwidwa. Fyuzi ya 13A ya m'pulagi nayonso ntchito yake ndi kuteteza nthambo kuti isapse, pomwe magetsi ochepa kwambiri kuposa amenewo ndi okwanira kusokoneza kugunda kwa mtima. Chomwe chimateteza munthu ndi chipangizo chotchedwa RCD cha 30mA, chomwe chimadula magetsi m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi chikangozindikira kuti magetsi akuthawira pansi. Soketi iliyonse ya panja iyenera kudutsira pa chipangizochi ndiponso kukhala ndi nthambo ya efi yolumikizidwa bwino. RCD imakhala ndi batani loyesera, ndipo likanikizidwa magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo.

Mvula isanayambe mu Novembala, zimitsani magetsi pa swichi yaikulu ndipo muyendere masoketi onse a panja. Dzuwa limaumitsa labala wa m'mphepete mwa chivindikiro mpaka kuthetheka, limafooketsanso pulasitiki, ndipo nyerere ndi mavu zimakonda kumanga mkati. Bokosi losweka, loda ndi utsi kapena lomwe muli madzi lisinthidwe. Ntchito yoika kapena kusintha soketi igwiridwe ndi mmisiri amene ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, ndipo mwini nyumba ali ndi ufulu wopempha kuti aone chiphasocho ntchito isanayambe.

Munthu akagwidwa ndi magetsi, musamukhudze ndi manja. Zimitsani swichi yaikulu, kapena mumukankhe ndi mtengo wouma mutaima pouma, kenaka muthamangire naye ku chipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa vuto la mtima limatha kuonekera pakapita nthawi.