Masamba Awiri Obisa Imvi: Mbiri ya Hena ndi Indigo

 Kapena ena mwa inu munakomanapo ndi nkhalamba ya Cisilamu, ku Chipata kapena ku Ndola, ya ndevu zofiira ngati njerwa yoocha, ndipo munadabwa. Nkhalambayo sinabadwe cotero ai. Inapaka hena, ndipo mwambo umenewu ndi wakale koposa mizinda yonse imene tikhalamo. Lero tiyeni tilondole mbiri yace.

Hena ndi citsamba comera m'maiko otentha monga Egypt, Arabia ndi India. Masamba ace amawayanika ndi kuwasinja, ndipo ufawo amaukanda ndi madzi kufikira ukhale ngati phala. Phalalo likakhalitsa pamutu, utoto wa m'masambamo umalowa m'tsitsi ndi kumamatira, osacokanso ndi sopo. Koma hena ali ndi mtundu umodzi wokha, ndiwo wofiira.

Mboni yathu yoyamba ndi Ramesses II, Farao wa ku Egypt, amene anamwalira ca m'ma 1213 Kristu asanabadwe, ali ndi zaka ngati 90. Mtembo wace, umene unaumikidwa ndi mankhwala, anautengera ku Paris mu 1976 kuti akatswiri akauletse kuonongeka. Pounika tsitsi lace anapeza kuti linali la imvi, koma lopakidwa hena. Ngakhale mfumu yoopsa cotere inalowa m'manda imvi zace zitabisika.

Tikaoloka Nyanja Yofiira tifika ku Arabia. Mabuku akale a Cisilamu asimba kuti Abu Bakr, amene anatsogolera Asilamu kuyambira 632 kufikira 634, ankapaka hena wosanganiza ndi citsamba cina cochedwa katam, kuti kufiirako kuderepo. Umar, amene analowa m'malo mwace, ankapaka hena yekha. Ndevu zofiira zija munaziona zitsata mwambo womwewu.

Nanga wofuna tsitsi lakuda bii ankatani? Iye ankasowa tsamba laciwiri, ndilo indigo, limene India ankalima kwambiri. Mtundu wace muudziwa bwino, pakuti ndiwo buluu wa pa mathalauzi a jinzi. Indigo yekha pa imvi saturutsa kuda, angobiriwiritsa tsitsi. Koma akagwera pamwamba pa kufiira kwa hena, mitundu iwiriyo pamodzi ibala kuda.

Amene anachuka ndi luso limeneli ndi anthu a ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran. Mfumu yao Fath-Ali Shah, imene inalamulira kuyambira 1797 kufikira 1834, idziwika m'zithunzi ndi ndevu zace zazitali zakuda. Mngelezi wina, James Morier, anayenda m'dzikomo mu 1808 ndi 1809, nalemba m'mene amuna ankacitira m'nyumba zosambira madzi otentha. Poyamba ankamata hena pa ndevu ora limodzi. Akatsuka, ndevu zinali psuu. Pamenepo ankamata indigo maora awiri athunthu, munthu ali gone cagada. Poturuka ndevuzo zinali zobiriwira moderapo, ndipo zinkada bii zitapitidwa mphepo usana ndi usiku. Nchito yonseyi ankaibwereza pakapita masabata awiri.

Cifukwa ciani kubwereza? Imvi zicokera ku muzu wa tsitsi, pamene muzuwo waleka kupanga mtundu wace wacibadwa. Utoto ungophimba tsitsi limene laturuka kale. Popeza tsitsi limakula ngati sentimita imodzi pa mwezi, posacedwa mzere woyera uonekanso m'munsi. Ndiponso wopaka mutu wonse nthawi iri yonse aunjika utoto pa utoto, kotero kuti nsonga za tsitsi zinka ziderabe pamene m'munsi muli mbuu. Odziwa amapaka patsinde pokha. Indigo akakhazikika sacoka msanga. Woyesa kumcotsa ndi mankhwala oyeretsa tsitsi kawirikawiri atsala ndi mutu wobiriwira, ndipo cotsalira ndi lumo basi.

Anthu anatopa nako kudikira. Mu 1907 Eugène Schueller wa ku Paris anapanga utoto wa tsitsi wa mankhwala, ndipo malonda ace ndiwo anakula nakhala L'Oréal. Utoto wotere unagwira msanga, ndipo ambiri anasiya masamba aja. Koma pano pali cenjezo. M'masitolo ndi m'misika mumapezeka ufa wochedwa hena wakuda. Hena wakuda wocokera ku citsamba kulibe. Wina ndi indigo cabe, koma wina amathiramo mankhwala ochedwa PPD kuti agwire msanga, ndipo kwa anthu ena mankhwalawa amatupitsa nkhope ndi kuturutsa matuza pamutu. Thupi likadana nao kamodzi, kudanako kumakhala kwa moyo wonse. Hena weniweni ndi ufa wobiriwira wonunkha ngati udzu wouma, ndipo safulumira. Werengani zolembedwa pa paketi musanagule.

Zaka zoposa 3,000 zapita cimwalirire Ramesses, ndipo palibe tsamba kapena botolo limene linagonjetsa muzu wa tsitsi. Wopaka walowa ngongole yobweza mwezi ndi mwezi. Ngati aifuna, ailowe ndi maso otseguka, napirire monga anapirira a ku Persia. Wosapaka asacite manyazi, pakuti akuru akuru ndi m'dambo mozimira moto, ndipo mkuru timamzindikira ndi imvi zace.