Adzanyamula Bokosi Lawo Ndani?

Tawuni ya Livingstone inamangidwa ndi alendo, ndipo mlendo aliyense anafika ndi nkhawa imodzi: ndikafera kuno, adzandiika ndani? Mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1905, anthu anachoka ku Old Drift, kumene malungo ankapha kwambiri, n'kudzakhala pamtunda pomwe pali tawuni lero. Kuyambira 1911 mpaka 1935 pano ndi pomwe panali likulu la Northern Rhodesia. Ayuda ochita malonda, monga abale a Susman, anali ndi manda awoawo, ndipo mu 1928 anayamba kumanga sunagoge. Amwenye anamanga nyumba zawo zopemphereramo. Alozi, Atonga, Anyanja ndi ena obwera kudzafuna ntchito panjanji anadalira mipingo ndi anthu akwawo. Gulu lililonse linadziwa kuti maliro n'kulirana.

Ine ndimaphunzitsa mbiri pasukulu ya sekondale kuno, ndipo ndikamawerenga za magulu amenewa ndimaona kuti pali anthu amodzi omwe mabuku athu sawatchula: amene sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Ku Maramba, ku Dambwa kapena ku Libuyu, mpingo ndiwo umazonda wodwala, amayi a mpingo ndiwo amaphika ndi kugona pamaliro, kwaya ndiyo imachezera usiku wonse. Munthu akasiya kupemphera amataya zonsezi pamodzi. N'chifukwa chake ambiri okayika amangokhala chete, chopereka n'kumaponyabe.

Mawu akuti Humanism ali ndi mbiri yawoyake m'dziko muno. Mu April 1967 chipani cha UNIP chitasonkhana ku Matero chinavomereza mfundo za Kenneth Kaunda zoika munthu pakati pa zonse. Koma Kaunda anali mwana wa mlaliki wa ku Lubwa, ndipo umunthu wake unatsamira pa Baibulo. Mkangano unabuka pamene boma linafuna kuphunzitsa mfundo za Karl Marx m'masukulu. Mu 1979 atsogoleri a mipingo analemba kalata yotsutsa zimenezo, ndipo boma linabwerera m'mbuyo. Kenako pa 29 December 1991 Frederick Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko. Malamulo omwewo, mu ndime 19, amateteza ufulu wa chikumbumtima, womwe ndi wa wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Papepala malo alipo. M'komboni ndi momwe mulibe.

Anthu akuda okhala kunja kwa Africa anakumana ndi vuto lomweli, chifukwa nakonso tchalitchi ndi chomwe chinasunga anthu m'nthawi ya ukapolo ndi tsankho. Mu 1989 Norm Allen anayambitsa African Americans for Humanism ku New York. Mu 2011 Mandisa Thomas anayambitsa Black Nonbelievers ku Atlanta, ndipo pambuyo pake ku London kunabadwa gulu lomwe lero limatchedwa Association of Black Humanists. Magulu amenewa anazindikira kuti mtsutso wa za Mulungu sukwanira. Wotayidwa ndi abale ake amafuna anzake odya nawo, omufunsa za kunyumba, omuperekeza pamavuto. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife: ndi yomweyo imene anthu a ku Nyasaland ogwira ntchito m'migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Johannesburg anagwiritsa ntchito popanga mabungwe osonkherana ndalama za maliro.

Kuno ku Africa, osapemphera ochepa amene anaonekera poyera anadziwika ndi ntchito yothandiza ena. Ku Malawi, George Thindwa ndi bungwe la Association for Secular Humanism anamenyera nkhondo okalamba omwe anatsekeredwa m'ndende powaganizira ufiti, ngakhale kuti lamulo la 1911 la dzikolo limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Ambiri mwa agogo amene anawathandiza anali opemphera. Ku Nigeria, Leo Igwe wakhala akuteteza ana ndi okalamba onamiziridwa ufiti. Komweko Mubarak Bala, mtsogoleri wa bungwe la osapemphera, anamangidwa mu 2020 chifukwa cha zomwe analemba pa Facebook, ndipo mu 2022 khoti la ku Kano linamugamula zaka 24. Mabungwe a anzake m'mayiko ambiri sanaleke kumulankhulira mpaka chilangocho chinachepetsedwa, iye n'kutuluka.

Ngakhale David Livingstone, yemwe tawuni yathu inatenga dzina lake, analemba za mtsutso wake ndi sing'anga wa mvula wa Akwena, ndipo anasiya mayankho a sing'angayo ali ndi mphamvu zawo zonse. Mmishonale uja anatha kumvetsera munthu wosagwirizana naye. Ife adzukulu a otembenuka mtima, wokayika timafulumira kumutcha wa Satana, dzina lomwe m'Zambia lagwetsetsapo nyumba za anthu.

Sindikulemba kuti wina asiye mpingo wake. M'kalasi iliyonse yomwe ndaphunzitsa mumakhala mwana mmodzi kapena awiri ofunsa mafunso ovuta, ndipo ena a iwo adzakula osapemphera. Mbiri ya tawuni ino imationetsa kuti Myuda, Mhindu ndi Msilamu anapeza malo awo, ndipo Livingstone sinagwe. Osapemphera nawonso ayenera kuphunzira kwa anzawo a ku Atlanta ndi London, adziwane, asonkherane, azondane. Ifenso oyandikana nawo tili ndi gawo lathu: uthenga wa maliro ukamveka m'komboni, tinyamule nkhuni ndi ufa tisanafunse kuti malemuwo ankapemphera kuti.