Vinyo Wokoma ndi Ukalamba

Ku Chunga, monga m'makomboni ena a Lusaka, anthu adziwa kuti mowa wa masese sudikira munthu: ukagona masiku owerengeka usasa. Koma kuli cakumwa cina cimene kukoma kwace kudza ndi ukalamba, ndico vinyo wofiira wa Cabernet Sauvignon.

Mpesa umenewu unabadwira ku France m'zaka za m'ma 1600, numveka m'minda ya Bordeaux. Zipatso zace nzazing'ono, za khungu locindikala, cotero vinyo watsopano aumitsa m'kamwa monga nthoci yosapsa. Cifukwa cace alimi anaphunzira kumsunga m'migolo ya thundu, pambuyo pace m'mabotolo ogoneka pamalo ozizira ndi amdima, zaka 10 kapena kuposapo, kufikira ukali wace utatha.

Kwa nthawi yaitali Bordeaux analibe wopikisana naye. Koma mu 1976 ku Paris, akatswiri a ku France analawa vinyo osaona maina, nasankha Stag's Leap wa ku California wa caka ca 1973, kusiya wakwao. Wofulula mowa ku Chunga sangadabwe nazo, pakuti iyenso adziwa kuti woweruza ndiye lilime, si dzina ai.