Kaphunzitsidwe Kathu Kucokera ku Mphala Kufikira pa Intaneti

Pamene muonerera anamwali akuvina pano pa Mkaika, taonaninso manja a khamu: ambiri anyamula mafoni. Dzuwa lisanalowe, zithunzizo zidzakhala zitafika ku Lusaka, ku Tete ndi ku Lilongwe. Ife amene tinakula nzeru zili m'kamwa mwa akulu okha, tiyenera kufunsana za kaphunzitsidwe kathu, kumene kanacokera, ndi mbali yake imene yatha nchito.

Azungu asanafike, mudzi wonse unali sukulu. Mnyamata anali kugona ku mphala, ndipo kukaca anali kutsata atsibweni ake kukasema mipini, kuluka nkhokwe ndi kuchera misampha. Panalibe comuloweza pamtima. Anali kuona, kuyesa, kulakwa ndi kusekedwa, kufikira dzanja litazolowera. Mtsikana anali kuphunzira pa mtondo ndi pa mafuwa, ndipo akatha msinkhu namkungwi ndi phungu anali kumulanga m'tsimba ndi nyimbo. Madzulo kunali nthano ndi zilapi, pamene mwana wocenjera anali kutha kugonjetsa mkulu popanda mlandu. Makolo amenewa ndiwo anatisiyira mwambi wakuti safunsa anadya phula. Koma tisadzinamize: ku tsimba ndi ku dambwe kunalinso mantha ndi mkwapulo, ndipo mwana wofunsa cifukwa anali kuyankhidwa kuti, "Ndi mwambo, khala cete."

M'caka ca 1899 amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikika pa Magwero, ndipo mu 1903 anatsegula Madzimoyo. Sukulu za m'midzi zinabweretsa kacitidwe kena: mphunzitsi kutsogolo, ana pansi ndi masileti, onse kubwereza mau amodzi mokweza. Sitiwanyoza aphunzitsi aja. Pamene buku lili limodzi ndipo ana ndi ambiri, kuloweza ndiyo inali njira yosungira phunziro. Amishoni ndi eni dambwe analimbana kwa zaka zambiri polanda ana, ndipo pambuyo pake mpingo unakonza cilangizo cake m'malo mwa cinamwali. Codabwitsa n'cakuti adani awiriwa anagwirizana pa cinthu cimodzi, cakuti wamkulu alankhule ndipo mwana amvere.

Dziko litalandira ufulu mu 1964, lamulo la maphunziro la 1966 linaika Cingerezi kukhala cinenero cophunziriramo kuyambira Giredi 1. Ife ndife ana a nyengo imeneyo. Tinali kuimba mau a Cingerezi ngati nyimbo tisanadziwe tanthauzo lake, tinaloweza za minda ya tirigu ya ku Canada, ndipo wolankhula Cicewa m'kalasi anali kulangidwa. Tinapambana mayeso ndi kulowa nchito m'boma, kumene tinakhala akatswiri okopera makalata monga anawalembera amene anatitsogolera. Cikwapu cinaletsedwa m'masukulu mu 2003, koma cizolowezi cosafunsa lamulo silinacikhudze.

Intaneti inafika m'dziko lino mu 1994, pamene ZAMNET inayamba nchito pa University of Zambia, ndipo kwa zaka zambiri inali nkhani ya m'tauni cabe. Mu 2014 phunziro la kompyuta linalowa m'ndondomeko ya Giredi 8 ndi 9. Apa ndipo cizolowezi cakale cinaonetsa mphamvu zake. M'masukulu opanda magetsi mphunzitsi anali kujambula kompyuta pa bolodi ndi coko, ana n'kuloweza maina a ziwalo zake monga ife tinalowezera tirigu wa ku Canada. Pa mayeso a 2015 ana m'masukulu ena analemba kufikira usiku cifukwa makina anali ocepa. Ndipo masukulu atatsekedwa m'mwezi wa March 2020 cifukwa ca Covid-19, tinaona m'nyumba zathu zomwe kuti mwana wozolowera kudikira kuuzidwa anangokhala, pamene wozolowera kufunsa ndi kudziwerengera anapitako patsogolo ngakhale pa foni yobwereka.

Kuloweza kunabadwa cifukwa ca kusowa kwa mabuku, ndipo kubisa kunatheka cifukwa panalibe wojambula. Zonse ziwiri zasintha. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali pa YouTube ndi pa Facebook, kawirikawiri wopanda womasulira, mwinanso ndi mabodza a anthu osameta. Mdzukulu tikamuuza kuti asafunse, amatuluka panja n'kukafunsa foni, ndipo foniyo siikana kuyankha ngakhale pamene ikunama. Mwa maganizo athu, nchito yaikulu ya mphunzitsi ndi ya namkungwi tsopano ndiyo kuzoloweza mwana kufunsa kuti, "Wanena ndani, ndipo wadziwa bwanji?" Funso limeneli lidzabwerera kwa ife eni, ndipo tikonzeke kuliyankha popanda kukwiya.

Cimene foni siingacite ndico ca ku mphala cija, kuimirira pambali pa mwana ndi kumuwongola dzanja. Cimeneco cibwerere m'kalasi, ana agwire ndi kuyesa, osati kungobwereza.

Kusintha si cacilendo kwa ife. Cinamwali m'madera ambiri cinafupikitsidwa ndi kuikidwa pa nthawi ya chuthi kuti atsikana asajombe ku sukulu, ndipo mwambo sunafe. Kulamba komweku kunaletsedwa ndi atsamunda mu 1934, n'kuukanso mu 1984 cifukwa okalamba anasunga mayendedwe ake m'mitu kwa zaka 50. Okalamba otere akucepa caka ndi caka. Tipempha mafumu, anamkungwi ndi eni dambwe kuti akhale pansi, apatule zoyenera kukhalabe zobisika ndi zimene zingafotokozedwe poyera, ndipo zotsalazo adzukulu azijambule m'Cicewa, nkhalamba zikali ndi mau.