Mcira wa Ndege ndi Mabwalo a Fumbi

Pamene kampani ya Central African Airways inakhazikitsidwa m'caka ca 1946, Fort Jameson, mzinda umene lero ucedwa Chipata, unali kutali ndithu. Msewu wocokera ku Lusaka wopyola pa Madzimoyo unali wa dothi, ndipo pa dzinja malole anali kutitimira m'matope. Tsono ndege inakhala yofunika, ngakhale kuti mabwalo ambiri oterapo anali a fumbi ndi udzu.

Pa bwalo lotere cimene cisunga moyo wa anthu ndico mcira. Amuna a ku migodi adziwa nchito ya mgwala: ukatsindika mbali imodzi, inzace inyamuka. Ndege icita cimodzimodzi. Woyendetsa akakoka ndodo yace, zipsepse za kumcira zipendekera m'mwamba, mphepo ikankhira mcira pansi, ndipo mphuno idzuka. Koma potera ndege iyenda pang'onopang'ono, mphepo icepa, ndipo mcira ufooka pa nthawi yomweyo imene ufunika koposa.

Abale awiri a Wright mu 1903 anaika zipsepsezo kutsogolo, ndipo ndege yao inali yobvuta kuigwira. Louis Blériot, amene anaoloka nyanja kucokera ku France kunka ku England mu 1909, anaziika kumbuyo, ndipo ambiri anamtsata.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 kampani ija inagula tindege ta Beaver, topangidwa ku Canada, timene tinayamba kuuluka mu 1947. Tinali kutumikira ku Barotseland ndi kumpoto kwa Nyasaland. Mcira wa Beaver uli m'munsi, m'njira ya mphepo yoombedwa ndi pulopela. Kotero woyendetsa akaonjezera moto pang'ono, mcira umvera pomwepo, ngakhale ndege iri pafupi kukhudza pansi.

Pambuyo pace kunadza mcira wa pamwamba, wooneka ngati lemba la T. Mu 1978 kampani ya Piper ku America inauika pa ndege yace ya Lance. Unali wokongola m'maso, komatu unakhala pamwamba pa mphepo ya pulopela. Oyendetsa anadandaula kuti pa liwiro locepa mphuno ilemera, ndi kuti ndegeyo ifuna bwalo lalitali. Mu 1980 Piper inaturutsa Saratoga m'malo mwace, mcira utabwezedwa pansi.